Masapota a rugby league atidzazira imelo, bwana akufuna yankho Lachisanu

Wa desiki ya masewero, London:
Akuluakulu, safunsa adadya phula, ndiye ndabwera. Ndimagwira usiku pa desiki ya masewero ya nyuzipepala ina yogulitsidwa dziko lonse kuno. Masabata awiri tsopano imelo ya desiki yadzaza ndi madandaulo a masapota a rugby league. Zikuoneka kuti anachita kupangana, chifukwa makalata ambiri mawu ake ndi amodzimodzi. Akuti timawanyoza, masewero awo sitilemba, ndipo tikalemba ndi timizere titatu kunsi kwa tsamba. Bwana wandisenzetsa ine nkhaniyi kuti ndiwayankhe, komanso Lachisanu ndimuuze zomwe tingasinthe. Wanenetsa kuti ndalama yolembera munthu wina ntchito palibe. Ine ndinakulira pa Bullets ndi Manoma, rugby ndimangoona anthu akugundana. Ndiyambire pati?

Wa pa wailesi, Leeds:
Achemwali, musanawayankhe ndikufunseni kaye. Pa tsamba lanu la pa intaneti, munthu akadina pomwe palembedwa kuti rugby, amapeza chiyani?

Wa desiki ya masewero, London:
Ndayang'ana. Six Nations, timu ya England, matimu a Premiership. Za league ziliko koma muyenera kutsika kwambiri.

Wa pa wailesi, Leeds:
Ndiye bala lili pomwepo. Zomwe mwatchulazo ndi za rugby union. Union ndi league ndi masewero awiri osiyana, ndipo anasiyana mokangana. Pa 29 August 1895 makalabu a kumpoto kwa England anakumana ku George Hotel, ku Huddersfield, n'kutuluka m'bungwe la Rugby Football Union. Anali makalabu 22. Mkangano unali wa ndalama. Osewera a kumpoto anali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, akajomba Loweruka kuti akasewere amadulidwa malipiro. Makalabu ankafuna kuwabwezera ndalama ya tsikulo, mabwana a bungwe anakana, amati masewero a njonda salandirirapo ndalama. Union inadzavomera kulipira osewera mu 1995, patatha zaka 100.

Ndiye munthu wa ku Wigan kapena Castleford akaona nyuzipepala ya ku London yalemba kuti rugby pomwe ikunena union yokha, samaona ngati mwangoiwala. Amamva mawu a mabwana omwe aja. Mwina akuwonjeza, koma ndi momwe amazionera, ndipo mukawayankha musakudziwa zimenezi muthira mchere pachilonda.

Zoti musunge pamtima: league ndi osewera 13 mbali iliyonse, union 15. Mu league timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi mpira umapita kwa anzawo. Try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani) ndi mapointi 4, kick yotsatira 2, drop goal 1. Mukalemba try ya mapointi 5 ngati ya union pa nkhani ya league, imelo ija idzadzaza kawiri.

Mkonzi wopuma, Blantyre:
Mwana wanga, makalata otere ndawalandirapo ambiri, kwathu kuno anali a anthu a netibo. Usawawerenge ngati chipongwe, uwasanje milu iwiri. Ofanana mawu aja akungokuuza kuti anthuwo ndi ogwirizana, basi. Koma pakati pawo upeza ena omwe munthu anakhala pansi n'kulemba yekha, akutchula tsiku, tsamba, ndi cholakwika chake. Amenewo akugwirira ntchito yaulere. Lemba zonse zomwe akutchula, uone zomwe zikubwerezedwa.

Ndipo usatumize yankho limodzi la "talandira kalata yanu" kwa onse. Amaikana pa intaneti mayankho otero n'kumakusekani.

Woona za chiwerengero cha owerenga, Manchester:
Ine ndikhale wosokoneza pang'ono. Bwana wanu Lachisanu sadzafunsa za 1895, adzafunsa kuti nkhanizi amawerenga ndi angati. Ndipo tisanamizane, pafupi ndi Premier League, league ndi kamwana. Makalabu ake ambiri ali m'mbali mwa msewu umodzi wa M62, kuchokera cha ku Liverpool kukafika cha ku Hull. Anthu ochita kampeni amamveka ambiri chifukwa amafuula. Mukapita ndi chisoni chokha mukabwerako manja ali m'khosi.

Wa pa wailesi, Leeds:
Achimwene, nkhani mwaikwirira kunsi kwa tsamba la masewero ena, kenako muziti anthu sakuiwerenga? Ayipeza bwanji? Komanso m'mbali mwa msewu umenewo muli Leeds, Bradford, Manchester, Hull. Si midzi imeneyo. Grand Final ya Super League, ligi yaikulu ya rugby league, imachitikira pa Old Trafford kuyambira 1998. Fainolo ya Challenge Cup inayamba kupita ku Wembley mu 1929. Anthu amenewa amakwera mabasi ndi sitima kubwera mpaka pakhomo panu ku London chaka ndi chaka.

Woona za chiwerengero cha owerenga, Manchester:
Pamenepo ndavomera, ndipo ndi pomwe achemwali angagwire. Musakauze bwana kuti owerenga ndi ambiri, chifukwa simungatsimikize. Mukamuuze kuti manambala omwe muli nawo panopa sanena chilichonse, popeza nkhanizo zilibe khomo lakelake. Pemphani kuti league ikhale ndi dzina lake pamndandanda wa masewero, union nayonso izilembedwa dzina lonse. Ndi ntchito ya masana amodzi kwa anyamata a kompyuta. Mukatero muyese miyezi itatu. Ndipo musamangowerenga odina. Onani omwe amabwereranso sabata ndi sabata, komanso omwe amalipira. Masewero ang'onoang'ono mphamvu yake imakhala pamenepo, anthu ochepa koma osachoka.

Wojambula zithunzi woyima payekha, Hull:
Ndilowepo pa nkhani ya ndalama, chifukwa ine ndimakhala m'mabwalo amenewa. Simufunika kulemba munthu ntchito. Kuno kuli atolankhani oyima paokha omwe amapita ku masewero aliwonse kale, akulembera manyuzipepala a m'deralo kapena League Express. Munthu wotero mukamupatsa ganyu ya mawu 300 Lachinayi kapena Lachisanu usiku, mtengo wake sungafanane ndi tikiti ya sitima yochokera ku London kuphatikiza hotela.

Mudzamva wina pa desiki akuti masewero amayamba 8 koloko usiku, amatha mochedwa, pepala limakhala litatsekedwa. Musavomere. Mpira wa Champions League umayambanso 8 koloko ndipo mumaulemba bwinobwino. Rugby league ndi mphindi 80. Njira ndi yomweyo: mtolankhani amatumiza thunthu la nkhani pa hafu taimu, wezulo yomaliza ikalira amangotumiza ndime yoyamba ndi zigoli. Chofunika n'choti malo asungidwe patsamba kuyambira masana.

Pempho langa ine ndi la zithunzi. Chonde uzani wosankha zithunzi usiku kuti asamangolemba kuti rugby posaka. Ndinaonapo nkhani ya league itaikidwa chithunzi cha line-out (osewera a union akudumphira mpira woponyedwa kuchokera kunja kwa mzere), chinthu chomwe mu league kulibe. Masapota anachijambula, chinazungulira sabata yonse.

Wa desiki ya masewero, London:
Ndachita zomwe agogo a ku Blantyre anena. Makalata olemba okha aja akubwereza zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina lija. Chachiwiri, patsamba la zotsatira timaika Super League yokha, Championship (ligi yachiwiri ya league) ndi ligi ya amayi kulibe. Chachitatu chandipweteka: akuti timangowakumbukira pakakhala maliro kapena matenda.

Wa pa wailesi, Leeds:
Chachitatucho akunena zoona. Rob Burrow anasewera Leeds Rhinos moyo wake wonse wa masewero, kamunthu kakafupi koma kothamanga ngati mphezi, anapambana Grand Final kasanu ndi katatu. Dziko lonse linadzamudziwa atapezeka ndi matenda a motor neurone, ofooketsa minofu, mu 2019, mnzake Kevin Sinfield atayamba kuthamanga mitunda italiitali kusonkhetsa ndalama. Anamwalira mu June 2024 ndipo manyuzipepala onse analemba patsamba loyamba. Anthu kuno anathokoza, koma amafunsa kuti nthawi yomwe ankasewera munali kuti.

Chimodzimodzi Billy Boston. Anapatsidwa ulemu wa Sir mu June 2025, woyamba kuupeza chifukwa cha rugby league patatha zaka 130, ndipo zinatheka anthu atachita kampeni ngati yomwe yakugwerani inuyi. Munthu wakuda wochokera ku Cardiff yemwe anapita ku Wigan n'kukhala mfumu kumeneko. Ndiye musawaderere olemba makalatawo, anaona kale kuti kulimbikira kumaphula kanthu. Onaninso kuti BBC inaonetsa World Cup ya rugby league yomwe inachitikira kuno mu 2022, ndipo kuyambira 2024 imaonetsa masewero ena a Super League kwaulere. Munthu akaonera pa kanema usiku, m'mawa amafuna awerenge.

Wojambula zithunzi woyima payekha, Hull:
Mukadzabwera ku Hull mudzalowa mumzinda pa msewu wotchedwa Clive Sullivan Way. Sullivan anali kaputeni wa Great Britain pomwe ankatenga World Cup mu 1972, munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dziko la Britain pa masewero aliwonse. Anasewera matimu onse awiri a mumzindawu, Hull FC ndi Hull KR. Ine ndinamudziwira pa chikwangwani cha msewu, osati m'nyuzipepala. Ndipo mu 2025 Hull KR inatenga Challenge Cup pogonjetsa Warrington 8-6, itakhala zaka 40 osagwira chikho chachikulu. Nkhani zilipo achemwali, zikungosowa wozitola.

Mkonzi wopuma, Blantyre:
Chenjezo limodzi. Poyankha usalonjeze chomwe bwana sanavomere. Dikira Lachisanu lidutse, kenako ulembe zomwe mwasintha ndi tsiku lomwe ziyambe. Zomwe mwakana uzinenenso poyera. Anthu amapirira kukanidwa, chomwe sapirira ndi kunamizidwa.

Wa desiki ya masewero, London:
Ndabwerako. Dzina lavomerezedwa, league ikhala ndi khomo lake ndipo m'buku la kalembedwe ka desiki talembamo kuti mawu oti rugby paokha asamagwiritsidwe ntchito pamutu wa nkhani. Zotsatira za Championship ndi za amayi zilowa, zinapezeka kuti kampani yomwe imatigulitsa zotsatira imatumiza kale, ife timangozidula. Za ganyu wavomera theka: masewero amodzi pa sabata, pa intaneti pokha, kwa miyezi itatu, pepala ayi. Anafunsadi za manambala, ndinamuyankha monga ananenera achimwene a ku Manchester ndipo anangogwedeza mutu.

Usiku uno ndiyamba kuyankha mulu wachiwiri uja, mmodzimmodzi. Achimwene a ku Hull, nditumizireni kumbali mayina awiri a atolankhani omwe sachedwa ndi nkhani. Ndikufuna woyamba ayambe Lachinayi likubwerali.

Wojambula zithunzi woyima payekha, Hull:
Ndatumiza. Wachiwiriyo ndi wa Hull KR mumtima, musamupatse masewero a Hull FC.