Kodi n'chiyani chimathyola phiko la ndege ukadutsa mzere wofiira wa liwiro?

Wophunzira172:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa ndege ya Cessna 172S mzere wofiira wa pa geji ya liwiro, wosonyeza Vne (liwiro losayenera kulidutsa), uli pa ma knot 163 (knot ndi muyezo wa liwiro la ndege). Buku likuti ndegeyi imapirira 3.8 g (katundu wofanana ndi kulemera kwake kuchulukitsa ka 3.8), ndipo kuti ithyoke pamafunika kuwonjezera theka lina pamwamba pake. Ndiye ngati kunja kuli bata ndipo munthu sakukoka chiwongolero, chingathyole phiko n'chiyani atadutsako pang'ono?

Kabawi:
Achimwene, mwasakaniza zinthu ziwiri. Nkhani ya 3.8 g ndi ya katundu amene phiko lasenza. Mzere wofiira umakutetezaninso ku china, flutter (kunjenjemera kwa phiko komangokulirakulira), yomwe imabwera ngakhale ndege ili pa 1 g.

Phiko si chitsulo chouma gwa. Limapindika m'mwamba ndi pansi, komanso limapotoka. Kupindikako kuli ndi kugunda kwake, kupotokako kulinso ndi kwake. Liwiro likakhala lochepa, mphepo imaziziritsa kugwedezekako: phiko likagwedezeka kawiri katatu, lakhazikika. Liwiro likamakwera, kugunda kuwiriku kumayandikana mpaka kumayamba kuthandizana. Phiko likapotoka limakola mphepo yambiri, mphepoyo n'kulikankhira m'mwamba, pobwerera n'kupotokera kwina. Ulendo uliwonse limabako mphamvu ku mphepo, ngati mwana wa pakatungwe amene akumukankha pa nthawi yake yeniyeni. Pasanathe masekondi angapo, mahinji kapena msana wa phiko watha. Nthawi zina sipakhala n'chenjezo lomwe.

Pa ndege zing'onozing'ono, Vne siiposa 90 peresenti ya liwiro limene anayesera potsika mphuno ili pansi. Kampata kameneko ndi kolipirira geji yonama ndi ndege yokalamba. Si kanu.

Mapiko_Aatali:
Ndiwonjezere pamene ambiri amapusitsika. Geji imawerenga mphamvu ya mphepo yogunda pa pitot (kapaipi koloza kutsogolo kwa ndege), pomwe flutter imatsatira kwambiri liwiro lenileni. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndipo liwiro lenileni limaposa la pageji ndi pafupifupi 2 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse. Pa mafiti 10,000 geji ikamati 150, ndiye kuti muli cha m'ma 175 mpaka 180. N'chifukwa chake ma glider ambiri (ndege zopanda injini) ali ndi kachikwangwani kosonyeza Vne ikutsika malinga ndi kutalika kumene wafika. Majeti ali ndi malire awiri: Airbus A320 ndi ma knot 350 munsi, Mach 0.82 (82 peresenti ya liwiro la mawu) kumtunda.

Palinso kupotoka kopanda kunjenjemera. Mukatsitsa aileron (kachitseko kakumbuyo kwa phiko kopendekekera ndege) pa liwiro lalikulu, imapotoza phiko lonse mpaka ndege kukana kupendekeka, kapena kupendekera kumene simukufuna. Pa Boeing 747 ma aileron a kunsonga amatsekedwa ikamathamanga, n'kumagwira a mkati okha.

Makaniko_wa_Ndege:
Zonsezi n'zoona pa ndege imene ili monga inatulukira kufakitale. Koma liwiro la flutter limatsika ndi kasamalidwe, mpaka kulowa pansi pa mzere wofiirawo.

Aileron ndi elevator (kachitseko kakumchira kokwezera ndi kutsitsira mphuno) zimakhala ndi mtovu kutsogolo kwa hinji kuti kulemera kusapendekere kumbuyo. Mukapaka penti, kuika chigamba, kapena madzi akalowa n'kuundana chifukwa kabowo kotulutsira katsekeka, mwalemeretsa kumbuyo. Chipangizo chotere chikapentedwa, chichotseni, muchikhazike pa mahinji ake pabenchi, muyeze ndi sikelo, muyerekeze ndi malire a m'buku la opanga. Osangochiyesa m'manja ayi. Yezaninso kukungika kwa mawaya ndi chida chotchedwa tensiometer, ndipo trim tab (kachitseko kakang'ono ka kumapeto kwa elevator) muigwire kumapeto n'kuigwedeza: ikamachita khwekhwerekhwe, ndegeyo isauluke.

Ku Reno, ku America, mu 2011, ndege ya P-51 yampikisano inagwa manati a trim tab atatha mano. Masikuluwu anamasuka, flutter n'kuyamba. Anafa woyendetsa ndi owonerera 10. Ndege ziwiri za Lockheed Electra zinathothoka mapiko mu 1959 ndi 1960 chifukwa zogwirira injini zitafooka, pulopela inayamba kuvina mozungulira n'kugwedeza phiko.

Chiwongolero chikayamba kunjenjemera, chepetsani mafuta msanga, kwezani mphuno mofatsa kuti liwiro litsike, mukatere.

Kabawi:
Ndipo musadalirenso mopitirira Va, liwiro limene pansi pake mungakankhe chiwongolero mpaka kumapeto osathyola ndege. Pa 172S ndi ma knot 105 pa mapaundi 2,550, koma 90 yokha pa mapaundi 1,900, chifukwa ndege yopepuka mphepo imaiponya mosavuta. Va imakutetezani mukakankha chiwongolero chimodzi mbali imodzi, kamodzi. Airbus A300 ya American Airlines inathothoka chipsepse cha kumchira ku New York mu 2001 ili pansi pa Va, chifukwa rudder (chokhotetsera cha kumchira) inapondedwa uku ndi uku mobwereza.