Zidole zadzaza nyumba koma ana sakusewera nazo, ndichepetse bwanji?

Mayi wa awiri:
Makolo anzanga, ndigawireniko nzeru. Ana anga, wa zaka 2 ndi wa zaka 4, ali ndi zidole zodzaza madengu atatu. Amazikhuthulira pansi zonse, pakangotha mphindi 5 azisiya n'kuyamba kulirira foni. Ndisiye zingati, ndipo ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka:
Mayi, mwana wamng'ono akaona zinthu zambiri nthawi imodzi amalephera kusankha, ndiye kukhuthulako n'kumene kumasanduka masewera ake. Ana akagona, sonkhanitsani zonse pamalo amodzi. Zothyoka ndi zosowa tizigawo zichoke. Zotsalazo muzigawe milu 3 kapena 4, mulu uliwonse zidole 6 mpaka 8 zosiyana ntchito: timatabwa tomangira, mpira, kagalimoto, chidole chobereka, mabuku awiri, makrayoni ndi pepala.

Mulu umodzi wokha ndiwo ukhale poyera, pashelefu yotsika yomwe mwana angafikire, chilichonse pamalo pake. Dengu lakuya ndilo limabweretsa vutoli, chifukwa kuti mwana apeze chapansi ayenera kutaya zonse zapamwamba. Milu inayo itsekereni m'makatoni, muziisintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ambiri amalakwitsa posunga m'mapulasitiki oonekera mkati: mwana akaziona amazifuna pompo, dongosolo lonse n'kufera pomwepo. Chidole chimene amagona nacho musachikhudze. Ndipo mukamasankha, zamabatire zongoimba ndi kuthwanima zokha zikhale zoyamba kuchoka, popeza mwana amangodina n'kumaonerera.

Namwino wa ana:
Posankhapo muganizire kwambiri wa zaka 2 uja, amene adakaika zinthu m'kamwa. Tengani kachubu kamene kamatsala pepala la kuchimbudzi likatha. Chinthu chilichonse cholowa m'menemo n'chaching'ono kwa mwana wosakwana zaka 3, chingamutsamwe. Za mkulu wake zoterezi zizituluka wamng'onoyo akagona. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi cha mabatire aang'ono ooneka ngati mabatani: likakakamira kummero limatha kuwotcha mnofu m'maola 2 okha. Chitseko cha batire chikhale chomangidwa ndi sikuluwu. Timaginito nato n'toopsa, tiwiri tikamezedwa timakokana m'matumbo n'kuwaboola. Mukakayikira kuti wameza, musamusanzitse, thamangirani kuchipatala.

Bambo wa atatu:
Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, kupatula pa zochotsa usiku. Wa zaka 2 sangazindikire, koma wa zaka 4 amadziwa katundu wake, ndipo akapeza zasowa amayamba kukakamira chilichonse. Muuzeni kuti zina zikupita kukapuma m'katoni ndipo zidzabwera, asankhe yekha ziwiri zotsala.

Za foni n'zapadera, sizitha chifukwa zidole zachepa. Malangizo a 2019 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera foni kapena TV, ndipo kucheperapo n'kwabwino koposa. Ikani nthawi imodzi yodziwika, osati pa chakudya kapena pokagona, ndipo muzimuchenjeza kukatsala mphindi 5. Masiku oyamba kulira kumakula. Mukagonja tsiku limodzi mwa masiku amenewo, mwana amaphunzira kuti kulira kwambiri n'kumene kumatsegula foni. Pamene akulirirapo mupatseni ntchito yeniyeni pambali panu, monga kupukuta tebulo ndi kansalu konyowa kapena kuphatikiza masokosi awiriawiri.

Mayi wa awiri:
Zikomo nonse. Nanga achibale amene amabwera ndi zidole zatsopano nthawi zonse?

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka:
Landirani ndi manja awiri, mwana asewere nacho masiku angapo, kenako chilowe mu mulu wina ndipo chimodzi chakale chituluke mukapatse ena. Amene amakufunsani asanagule, auzeni chimene chikusowa, kaya ndi buku, makrayoni kapena nsapato za saizi yotsatira.