Tikiti ya Zeitz MOCAA ku Cape Town: ndigule kapena ndisiye?

Nachisale84: Abale, mwezi wamawa ndikakhala ku Cape Town masiku anayi okha. Mwana wanga wakakamira kuti tisabwerere osalowa mu Zeitz MOCAA, nyumba ya zaluso ija ya ku V&A Waterfront. Tikiti ndinamva kuti inali R250 munthu mmodzi. Amene munalowamo, ndi ndalama yopita pabwino?

Chimtali: Chenjerani pogula, achemwali. Ine ndinagula pa tsamba lina la pa intaneti lomwe linkati tikiti yawo ndi yosaima pamzere. Ndinalipira pafupifupi kawiri mtengo wake. Kufika pakhomo, mzere kunalibe, anthu atatu basi! Ndinawalembera kanayi, zii. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

BamboAMphatso: R250 yachokera kuti? Ine ndinalowa ndi R180.

Nagama_K: Umenewo ndi mtengo wa nthawi imene ankatsegula mu 2017, bambo. Dzukani, kwacha kale.

Woyendayenda: Ine ndalowamo katatu. Mu 2019 ndinakwerera ndege chionetsero cha zaluso za William Kentridge chokha. Koma kunena zoona, munthu amene waona nyumba ya zaluso ya Tate Modern ku London, komwe zipinda zambiri umalowa ulele, sangatekeseke.

Nagama_K: Akufunsa za Cape Town, inu mwafika kale ku London.

MaiWaChikondi: Gulani, mayi. Nyumbayo payokha ikukwanira. Kale inali nkhokwe yaikulu ya padoko yosungiramo chimanga ndi mbewu zina, migolo yakonkire 42 yoima mothithikana. Katswiri wojambula mapulani a nyumba Thomas Heatherwick anaiboola pakati motsata maonekedwe a njere imodzi ya chimanga, ndiye ukaima pansi n'kukweza maso umaona migoloyo itadulidwa, kuwala kukutsika kuchokera kudenga. Nthawi imene ndinapita kunali kutapachikidwa chimbalame cha Nicholas Hlobo, chosokedwa ndi machubu a matayala ndi maliboni. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali osalankhula. Ndipo zambiri zimene zilimo n'za amisiri a mu Africa a masiku athu ano. Malo aakulu chonchi oika ntchito zawo patsogolo ndi ochepa.

Chimtali: Chimbalame cha machubu, eti? Ine mwina ndi mkwiyo wa tikiti ija, koma ndinangozungulira n'kutuluka.

MaiWaChikondi: Munathamanga, achimwene. Makanema a m'zipinda zamdima aja amafuna ukhale pansi mpaka atathe. Werenganinso zolembedwa pakhoma. Pafunika maola awiri kapena atatu.

Kamkwamba: Mukulimbiranji ndi kulipira? Lachinayi loyamba la mwezi, nyumba zazing'ono za zaluso za pakati pa mzinda zimatsegula mpaka usiku, kulowa ulele, anthu piringupiringu mu Bree Street ndi Church Street. Ku Woodstock nakonso kuli nyumba ya zaluso ya Stevenson, sufunsidwa kanthu pakhomo. Ndalamayo sungirani boti la ku Robben Island, limanyamukira pa Waterfront pomwepo.

Nagama_K: Komanso nzika za maiko a mu Africa zinkalowa ulele Lachitatu m'mawa mpaka 1 koloko, bola pasipoti. Ana osakwana zaka 18 salipira.

BamboAMphatso: Ndiye ine ndinalipiriranji? Linali Lachitatu!

Nagama_K: Munapita nthawi yanji?

BamboAMphatso: Cha m'ma 3.

Nachisale84: Zikomo nonse, koma tikufika Lachinayi lachiwiri la mwezi, kunyamuka Lolemba. Mwanayo ali ndi zaka 19. Ulele onsewu wandilambalala.

Woyendayenda: Ndiye lipirani, mukatero mukwere pamwamba pa nyumba yomweyo, pali hotela ya Silo. Ine ndinamwerapo khofi ndikuyang'ana Table Mountain.

Kamkwamba: Iziko South African National Gallery ku Company's Garden ndi yotchipa kwambiri, ndipo ili ndi zakale ndi zatsopano.

MaiWaChikondi: Ndi yabwino, koma mwanayo watchula Zeitz. Mumufunse chimene akufuna kukaonako.

Chimtali: Chilichonse chimene musankhe, mukagulire pakhomo. Alipo amene akudziwa mmene banki ingandibwezerere ndalama zanga zija?