Akuti magetsi anga ndi a mphepo ndi dzuwa okhaokha, nanga akundizimitsitsiranji zinthu madzulo?

MayiWaKuMulanje

Abale anga muli kuno ku UK, ndigawireniko nzeru. Kontrakiti yanga ya magetsi ikutha mwezi wamawa, ndiye kampani yanditumizira mitengo iwiri. Wina ndi wamba. Winawo ndi wokwererapo, koma alembapo "100% renewable", kutanthauza kuti magetsi onse ndi ochokera ku zinthu zosatha monga mphepo ndi dzuwa, pambali pake chithunzi cha makina a mphepo ali ndandanda panyanja. Mwana wanga wamkazi akuphunzira za kusintha kwa nyengo kusukulu, ndipo wandikakamira kuti titenge wachiwiriwo. Ine sindikukana ayi. Zimene namondwe Freddy anachita kwathu mu 2023 ndikuzidziwa, abale anga ena anagona m'makalasi.

Chikundizunguza mutu ndi ichi. Kampani yomweyi imanditumizira mauthenga pafoni kuti ndichepetse magetsi pakati pa 5 ndi 6 koloko madzulo, akuti andipatsa timapointi. Ngati magetsiwo ndi a mphepo, ndipo mphepo ya ku Leicester kuno sipuma, chikuwasowa n'chiyani? Komanso 5 koloko ndi nthawi imene ndimavundula nsima ndisanapite ku ntchito ya usiku. Ana abwera ndi njala, nkhuku ili mu uvuni, yunifomu yanga ikuzungulira m'makina oumitsira. Tsiku lina ndinayesa, tinadya mochedwa, ana akung'ung'udza, ndipo ndalama imene ndinapata sinakwane ngakhale buledi. Kodi pamenepa pali choona, kapena akungotidyera masuku pamutu?

Wamawaya_Glasgow

Chemwali, yambani ndi izi: ku nyumba kwanu kumabwera waya umodzi, womwewo umene ukulowa kwa aneba anu a mtengo wamba. Zili ngati pachigayo pamene anthu khumi athira chimanga chawo m'chitini chimodzi, ufa ukatuluka simungaloze kuti uwu ndi wa m'munda mwanga. Magetsi a gasi, a nyukiliya, a mphepo ndi ochokera ku France kapena ku Norway onse amasakanikirana.

Ndiye 100% ija ikuchokera kuti? Ku mapepala otchedwa REGO. Bungwe la Ofgem, loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi kuno, limapereka satifiketi imodzi kwa mwini makina a mphepo kapena sola pa mayunitsi 1,000 alionse amene wapanga. Satifiketiyo angathe kuigulitsa payokha, magetsi enieniwo n'kugulitsa kwina. Kampani yanu ingagule magetsi pamsika waukulu, mmene muli a gasi ambiri, kenako pakutha pa chaka n'kugula masatifiketi okwanira mayunitsi amene makasitomala ake agwiritsa ntchito. Lamulo likulola. Mu 2023 nyumba wamba kuno Ofgem inaiwerengera mayunitsi 2,700 pachaka, kutanthauza kuti masatifiketi atatu akwanira kuti nyumba yanu yonse ilembedwe kuti ndi ya mphepo. Panali zaka zimene satifiketi imodzi inkagulidwa ndi ndalama yosakwana paundi.

Vuto lalikulu ndi lakuti masatifiketiwo amawerengedwa pachaka, pamene magetsi amafunika pa sekondi yomweyo. Satifiketi ya sola ya masana a mu June ingaphimbe ketulo yanu ya madzulo a mu January, kunja kuli mdima, mphepo yazima. Nthawi imeneyo chimene chikuwiritsa madzi anu makamaka ndi gasi. Malasha okha ndiwo anatha, siteshoni yomaliza ya Ratcliffe-on-Soar, kufupi ndi kwanuko, inatsekedwa pa 30 September 2024.

Koma za mauthenga aja, musawanyoze, ndiwo mbali yoona ya nkhani yonseyi. Amene amayang'anira mawaya a dziko lonse, panopa ndi bungwe la NESO, ayenera kuonetsetsa kuti magetsi opangidwa ndi ogwiritsidwa ntchito akufanana nthawi zonse. Kuyambira cha m'ma 4 mpaka 7 koloko madzulo m'nyengo yozizira aliyense amayatsa uvuni. Mphepo sungailamule kuti iwombe chifukwa anthu aweruka, ndiye mwa zina pali njira ziwiri: kuyatsa masiteshoni a gasi odula kwambiri, kapena kulipira anthu kuti asunthe ntchito zina. Ndondomeko yolipira anthuyi inayamba mu November 2022. Mwapata zochepa chifukwa amayerekeza ndi mmene mumagwiritsira ntchito magetsi pa ola lomwelo masiku apitawo, ndiye amene amadya bwino ndi a nyumba zazikulu ndi a galimoto za magetsi.

Kuno ku Scotland timaona zodabwitsa zina. Mphepo ikachuluka, mawaya opita kummwera satha kunyamula magetsi onse. Eni makina amalipidwa kuti aimitse, kwinaku kummwera akuyatsa gasi. Ndalama zonsezo zimabwera pa bilu yathu.

Ankolo_aku_Chilomoni

Ine ndikuwerenga ndili ku Blantyre kuno ndipo ndaseka. Inu akukulipirani kuti muzimitse? Kuno kuchepetsa magetsi ndi ndandanda ya madera, lero gulu A, mawa gulu B, palibe timapointi.

Koma kunena zoona, magetsi athu ndiwo sasowa satifiketi. Ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ku Salima kuli sola ya mamegawati (MW) 60 imene inayamba mu 2021, ku Golomoti kuli ya 20 MW yokhala ndi mabatire. Ndipo funso lanu mayi ndi lathu lomwe. Sola imapanga bwino masana, koma anthu amafuna magetsi kwambiri dzuwa litalowa. Mabatire a ku Golomoti ndi a ntchito imeneyo, kungoti ndi ochepa. Madzinso ali ndi zawo: namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. M'mbuyomo nyanja itatsika tinafika pobwereka majenereta a dizilo.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti magetsi akazima 6 koloko, mbaula ya makala imayaka. Thumba lililonse la makala ndi mitengo ya ku Neno ndi ku Mwanza, ndipo dothi la kumeneko limakokolokera mu Shire momwemo, n'kukatseka makina opanga magetsi.

Namwino_Luton

Achimwene a ku Glasgow afotokoza bwino, koma asakusiyeni mukuganiza kuti makampani onse ndi amodzi. Alipo amene amagula magetsi mwachindunji kwa eni makina a mphepo ndi sola pa mapangano a zaka zambiri, ena ali ndi makina awoawo. Pangano lotere limathandiza munthu kupeza ngongole yomangira makina atsopano, zimene satifiketi yogula payokha sichita kwenikweni. Alembereni funso limodzi: mwa magetsi amene mumagulitsa, ndi angati amene mumagula pamodzi ndi satifiketi yake kwa amene anawapanga? Akayamba kuzungulira, mwapeza yankho. Funsaninso ngati akuwerengera matabwa, chifukwa siteshoni ya Drax ku Yorkshire imawotcha timibulu ta mitengo tochokera ku America ndi Canada, ndipo malamulo amaiika m'gulu lomwelo la mphepo ndi dzuwa. Ine zimenezo sindigwirizana nazo.

Nsima musaisunthe, mayi. Sunthani makina oumitsira zovala, ayironi ndi makina otsukira mbale ngati muli nawo. Inu a ntchito ya usiku muli ndi mwayi, masana muli pakhomo. Kungoti musasiye choumitsira chikuyenda inu muli mtulo kapena mwachoka, ozimitsa moto amaletsa zimenezo. Ndipo muuzeni mwanayo kuti ngati nyumba yanu imafunditsidwa ndi boiler ya gasi, 100% ija siikhudza m'pang'ono pomwe. Kutsitsa thermostat, kachipangizo kosankhira katenthedwe ka m'nyumba, ndi digiri imodzi ndi ntchito imene angaigwire yekha, tione ngati avomere kuvala juzi m'nyumba.

MayiWaKuMulanje

Zikomo nonse. Ankolo, za makala mwandikhudza, amayi anga akuphikira omwewo. Mwana ndamuwerengera zonse, za juzi wakhala chete. Funso lija ndalemba kale, ndikudikira ayankhe. Akazemba nditenga mtengo wamba, ndalama yotsalayo ndiziika pambali ya sola ya amayi kumudzi. Koma nyumba ndi ya lendi, ndipo eni ake ndiwo anasankha kampaniyi ndisanalowe. Ndingasinthe osawauza?

Wamawaya_Glasgow

Ngati bilu ili m'dzina lanu ndipo mumalipira nokha ku kampani, ufulu wosintha ndi wanu. Werengani pangano la lendi, ena amafuna kuti muwadziwitse, ndiye atumizireni uthenga. Tsiku losinthalo jambulani manambala a pa mita.