Kodi aphunzitsi azilipirira malo a ana awo pa nthawi ya tchuthi?

WoleraAnaPakhomo analemba kuti:

Ndimasamalira ana aang'ono pakhomo panga masana makolo awo akapita kuntchito, ndipo chiphaso chimene ndili nacho chimandilola kulandira ana 6 okha. Mwa ana amenewa, atatu ndi a aphunzitsi. Makolowa ndi anthu olongosoka, sachedwetsa malipiro ndipo amabwera kudzatenga ana awo msanga kuposa ena onse, koma tasemphana maganizo pa nkhani ya tchuthi. Iwo akunena kuti sukulu zikatsekera amakhala pakhomo ndi ana awo, choncho saona chifukwa cholipirira masiku amene mwana sanabwere, komabe akufuna kuti ndiwasungire malo mpaka sukulu zitatsegulira. Kumbali yanga, lendi, inshuwalansi ndi malipiro a mayi amene amandithandiza sizitsika chifukwa choti ana atatu sakubwera. Ndikupempha inu amene mumagwira ntchito ngati yangayi kuti mundiuze mmene mumachitira. Kodi mumawalipiritsa ndalama zonse, theka, kapena mumawakhululukira?

MleziWaKale anayankha kuti:

Mayi, choyamba muyenera kumvetsa, ndipo makolowo muwathandize kumvetsa, kuti chimene iwo amalipirira ndi malo a mwana, osati masiku amene mwanayo wabwera. Popeza lamulo lakuikirani malire a ana amene mungalandire, malo amene mwasungira mwana wina simungawapereke kwa kholo lina limene likanalipira chaka chonse, ndipo kutayika kwa ndalamako kumagwera inu nokha.

Ndibwino kuiwerengera nkhaniyi papepala chifukwa pakamwa imamveka yaing'ono. Chaka chili ndi masabata 52. Tiyerekeze kuti sukulu zimatsegulidwa masabata 39 ndipo tchuthi zonse pamodzi zimakwana masabata 13. Tiyerekezenso kuti malipiro a mwana mmodzi pa sabata ndi 100, mosatengera mtundu wa ndalama. Kholo lolipira chaka chonse limakupatsani 5,200, pamene mphunzitsi wosalipira pa tchuthi amakupatsani 3,900, kutanthauza kuti pa malo amenewo mwataya gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndi ana atatu otere mukutaya 3,900 pa chaka, zomwe n'chimodzimodzi kusamalira mwana mmodzi wa mphunzitsi kwaulere materemu onse.

Ine ndimalipiritsa theka pa masabata a tchuthi, ndipo ndalama imeneyo ndimaitchula kuti yosungira malo. Mwa chitsanzo chathuchi, mphunzitsi amalipira 4,550 pa chaka, ndipo ndimaigawa m'miyezi 12 mofanana, pafupifupi 379 mwezi uliwonse. Kugawa motere n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kholo silimva kuwawa kotulutsa ndalama m'mwezi umene mwana ali kunyumba, komanso inu mumadziwa zimene zikulowa mwezi ndi mwezi. Sindikunena kuti theka ndiye chilungamo chenicheni, poti ndimatayabe gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu pa malo amenewo, koma pa tchuthi ndimagula chakudya chochepa ndipo ntchito imapepuka, motero ndimaona kuti tonse tagonjapo pang'ono.

MphunzitsiWaSekondale anayankha kuti:

Ndilankhuleko ngati kholo limene lili kumbali inayo. Anthu ambiri amaganiza kuti sukulu ikatsekera mphunzitsi amangokhala, koma pa tchuthi pomwepo timachonga mayeso, timakonzekera maphunziro a teremu yotsatira, ndipo nthawi zina timaitanidwa kumaphunziro owonjezera luso kapena kumisonkhano ya aphunzitsi masiku angapo ana asukulu asanabwerere. Masiku oterewa mwana wanga amafunabe womusamalira, ndipo pamene ndinagwirizana ndi mayi amene amamulera kuti ndizilipira theka, tinalembanso kuti mwanayo akhoza kubwera masiku awiri pa sabata, bola ndinene masikuwo pasadakhale. Zimenezi zinandichititsa kuona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito, komanso mwana saiwala nyumbayo ndi anzake, kotero kuti sukulu zikatsegulira salira pakhomo ngati kuti akuyamba kumene.

Chimene sindingavomereze ndi kuuzidwa za lamulo latsopano tchuthi itatsala pang'ono kuyamba. Ngati makolowa munawalandira popanda kutchula nkhaniyi, apatseni nthawi yokwanira, mwina teremu yathunthu, kuti akonze bajeti yawo kapena afune malo ena ngati sakugwirizana nazo. Muwafunsenso mmene amalandirira malipiro awo, chifukwa pali aphunzitsi amene amalipidwa miyezi yonse ya chaka pamene ena, makamaka a ganyu kapena a mgwirizano wa nthawi yochepa, salandira kanthu sukulu zikatsekera.

MayiWaChiphaso anayankha kuti:

Pepani, ine sindigwirizana ndi zochotsera aphunzitsi. Namwino amene amagwira ntchito usiku n'kupuma masiku ena mkati mwa sabata nayenso sabweretsa mwana tsiku lililonse, ndipo kholo lililonse limapita kutchuthi chaka ndi chaka, koma onsewa amalipira mokwanira. Mukachotsera gulu limodzi, enawo adzamva, pakuti makolo amacheza pakhomo podikira ana, ndipo mudzasowa chowayankha. Kwa ine mtengo ndi umodzi kwa onse. Mphunzitsi amene sakufuna kulipira pa tchuthi ndimamulola kuchotsa mwana, koma ndimamuuza momveka kuti malowo ndiwapereka kwa amene ali pamndandanda wodikira.

MleziWaKale anayankhanso kuti:

Mfundo ya MayiWaChiphaso ndi yoona kwa munthu amene ali ndi mndandanda wa makolo odikira, koma amene alibe mndandanda wotero angataye mabanja atatu odalirika nthawi imodzi. Pofuna kupewa madandaulo a tsankho, musalembe kuti kuchotserako ndi kwa aphunzitsi. Lembani kuti muli ndi mitundu iwiri ya mgwirizano, wa chaka chonse ndi wa nthawi ya sukulu, ndipo kholo lililonse likhoza kusankha. Ngati wina akufuna kusalipira kalikonse pa tchuthi, mtengo wake wa pa sabata ukwere ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kuchoka pa 100 kufika pa 133, pakuti umu ndi mmene masabata 39 angafanane ndi masabata 52.

Ena amadzaza malowo ndi ana asukulu amene makolo awo amagwira ntchito pa tchuthi, ndipo zikatheka ndalama yosungira malo ikhoza kutsika. Komabe onani kaye zimene chiphaso chanu chikunena pa misinkhu ya ana, ndipo kumbukirani kuti ngati mwalola ana a aphunzitsi kubwera masiku awiri pa sabata, masiku amenewo mungapyole chiwerengero chololedwa.

WoleraAnaPakhomo anayankha kuti:

Zikomo nonse. Ndasankha kulipiritsa theka pa tchuthi, ndalamazo zigawidwe m'miyezi 12, ndipo ana aziloledwa kubwera Lachiwiri ndi Lachinayi kuti ndizidziwa masiku amene malo ali osatsekeka. Makolowo ndiwalembera kalata sabata ino, koma lamuloli liyamba kugwira ntchito teremu ikubwerayi ikatha. Mumgwirizano ndiwonjezeramo kuti kholo lofuna kuchotsa mwana lidziwitse mwezi umodzi pasadakhale, ndiponso kuti amene wachoka chaka chisanathe tidzawerengerane masabata amene mwana anabweradi, popeza malipiro ogawidwa mofanana amakhala otsika kuposa mtengo weniweni m'miyezi ya sukulu.