Mwana wandiuza zachinsinsi, ahedi akufuna kope langa

Phungu watsopano wolangiza ana pasukulu: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Pali mtsikana wa zaka 15 amene wayamba kujomba, ndipo akabwera amangosinza m'kalasi. Dzulo, ulendo wachitatu kubwera kwa ine, waulula kuti kunyumba akumamenyedwa, komanso kuti nthawi zina amaganiza zodzipha. Anayamba ndi kuti "musauze munthu", ine n'kuvomera. Lero ahedi akuti ndiwapatse kope lomwe ndimalembamo zokambirana kuti aone chifukwa chojombera. Ndagwira njakata.

Phungu wakale pantchito: Amayi, apa pali nkhani ziwiri, musaziphatikize. Kope musapereke. Ahedi angofunika kudziwa kuti mwanayu ali pachiopsezo ndipo mukuchitapo kanthu, osati kuwerenga mawu ake onse. Koma za kumenyedwa ndi kudziphazo si zosunga. Chinsinsi chimathera pamene moyo wa mwana uli pachiswe. Ndime 19 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 imanena za kuteteza mwana ku nkhanza ngakhale zochokera kwa omulera.

Mphunzitsi wa kalasi: Komatu mukaulula, mwanayo sadzabweranso, ndipo anzake akamva ofesi yanuyo idzangokhala gwa. Ine ndinaziona.

Phungu wakale pantchito: Zoona achimwene, zimatero mukamuzembera. N'chifukwa chake phungu watsopanoyu ayambe wamuitana mtsikanayo lero lomwe, osati mawa. Amuuze mosabisa kuti: "Ndinalakwitsa kulonjeza. Zimene wandiuzazi sindingazisenze ndekha, ndiye tiye tikambirane woti timuuze ndi mmene timuuzire." Ndime 12 ya pangano lomwelo imati maganizo a mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza. Akwiya mwina, koma adziwa kuti simunamugulitse.

Namwino wa pasukulu: Ndiwonjezereko za kudziphazo. Mufunseni molunjika ngati waganizapo za njira yake, ngati ali nazo kale zinthu zodzivulazira, ndiponso ngati anayesapo. Ambiri timaopa kuti tikafunsa ndiye tamupatsa maganizo, koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kufunsa sikuchititsa munthu kudzipha. Akayankha kuti njira anakonza kale, asakhale yekha ngakhale pang'ono mpaka aonane ndi achipatala.

Phungu watsopano: Nanga makolo? Ahedi akakamira zowaitana.

Phungu wakale pantchito: Ayi ndithu, osati poyamba. Womumenyayo akhoza kukhala yemweyo mukumuitanayo, mwana n'kukaona zakuda usiku womwewo. Dziwitsani amene amaona za chitetezo cha ana pasukulu panu ndi a zachisamaliro cha anthu, iwowo ndi amene aone zofikira banjalo. Inu si wapolisi, musafufuze. Lembani mawu ake mmene anawanenera, tsiku ndi nthawi, osaikamo zoganiza zanu. Musamufunse mafunso omuika mawu m'kamwa ngati "ndi bambo ako eti?" Zoterezi zimadzaononga umboni.

Kenanso, poti ahedi ambiri amatiyesa a disipulini: kanani kukhala nawo pa komiti yomulanga chifukwa chojomba. Simungamve misozi yake m'mawa, masana n'kumupatsa chibalo.

Phungu watsopano: Ndamuitana pa buleki. Analira, kenako wasankha yekha kuti anamwino akhalepo tikamauza ahedi. Kope ndalitsekera m'kabati. Alipo ali ndi pepala lofotokoza malire a chinsinsi loti ndizimuwerengera mwana aliyense tisanayambe kukambirana? Nditumizireni chonde, ndilimate pachitseko.