Kafukufuku wa ufa wa phala: tiyambire pati kuti akhale bizinesi?

Nachisale_Mitundu: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Wophunzira wa ku Bunda wamaliza kafukufuku wa ufa wa phala wosakaniza chimanga, soya ndi mtedza, ndipo zotsatira za mu labu zili bwino. Kuti ufawo ufike pa shelefu m'sitolo, choyamba n'chiyani?

Mlangizi_Zomba: Mayi, musanagule ngakhale thumba limodzi la soya, dziwani kaye mwini wake wa kafukufukuyo. Ngati anachitikira mu labu ya yunivesite, kapena ndi ndalama za bungwe lothandiza, pangakhale pangano lonena kuti zotsatira si za wophunzira yekha. Pitani ku ofesi yoona za kafukufuku, muwerenge malamulo awo a umwini, ndipo zomwe mwagwirizana ndi supavaiza zilembedwe: ndani atenga gawo lanji. Mikangano imabuka ndalama zikayamba kulowa.

Za patenti (chikalata choteteza luso latsopano kuti ena asalikopere), samalani. Zomwe zasindikizidwa kale m'magazini ya sayansi, kapena buku la kafukufuku likaikidwa mu laibulale, sizionedwanso ngati zatsopano, ndiye ku ARIPO, bungwe lolembetsa mapatenti la ku Harare, akhoza kuzikana. Komabe kasakanizidwe ka ufa sikapeza patenti kawirikawiri. Ine ndingati lembetsani dzina la malonda, muyeso wa kasakanizidweko musunge mwachinsinsi.

Wamakina77: Zoona, koma vuto lalikulu lili pochulukitsa. Makilogalamu 5 mumasakaniza m'beseni ndi manja, 200 safanana paliponse popanda makina osakanizira, ndiye paketi ina imachuluka soya, ina chimanga chokhachokha.

Soya ayenera kukazingidwa mpaka apse mkati. Akapanda kupsa, phala limanunkha nyemba ndipo limavuta kugayika m'mimba mwa mwana; akapserera, limawawa. Mtedza ndiye woopsa kwambiri chifukwa cha chuku. Ogulitsa ena amauwaza madzi kuti usavute kusenda kapena kuti ulemere pa sikelo, ndipo poizoni wa chuku satha ngakhale mukazinge. Gulani wamakoko, wouma bwino, musende nokha, muchotse wonyala ndi wosintha mtundu, gulu lililonse likayezedwe. Mafuta a mtedza amapangitsanso ufa kusasa msanga. Sungani mapaketi angapo m'chipinda chotentha ngati golosale ya ku Chikwawa, muzitsegula limodzi mwezi uliwonse, kuti tsiku lothera ntchito lomwe mulembe likhale loona.

Nachisale_Mitundu: Nanga a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, tiwapeze liti?

Mlangizi_Zomba: Musanamange kapena kuchita lendi malo. Amayendera malo opangirawo, amatenga ufa kukayeza, amaonanso zolemba pa paketi. Kuphwanya khoma kuti musiyanitse posungira mbewu ndi popakira kumadya ndalama zambiri. Lembetsaninso bizinesi ndi kutenga nambala ya msonkho ku MRA, chifukwa masitolo akuluakulu amafuna zimenezi.

Mtengo wa paketi musauwerengere pa chimanga cha mu Meyi. Werengerani pa cha mu Januwale, apo ayi mugule chokwanira nthawi yokolola ngati muli ndi posungira pouma.